Posankha Mbale Zoponya, Yambani ndi Yapakati

Mwezi uno tabwera ndi nkhani ya maseŵero amene ambiri a ife kuno ku Ntcheu sitinaŵaonepo. Patchuthi chapitachi mnyamata wina amene tinamphunzitsa mu Sitandade 6 zaka zambiri zapitazo anabwera kudzaona makolo ake. Iyeyu tsopano ndi bambo wa ana atatu, ndipo amagwira ntchito ku Johannesburg. Pamene anafika pasukulu kudzatilonjera, tinaona kuti wabereka chikwama chodzaza ndi mbale za pulasitiki zamaonekedwe osiyanasiyana. Ife tinayesa kuti wayamba malonda a ziŵiya, koma iye anaseka nati, "Iyayi aphunzitsi, izi si zodyera nsima. Izi n'zoponya."

Maseŵeroŵa dzina lake ndi disc golf. Munthu amaima pamalo oyambira naponya mbale molunjika ku dengu lachitsulo lokhala pamzati, limene lili ndi maunyolo okola mbaleyo. Pamene yagwera mpamene amakaponyeranso, kufikira italoŵa m'dengumo. Wopambana ndi amene watsiriza madengu onse, kaŵirikaŵiri 9 kapena 18, ataponya kochepa kuposa anzake. Bwalo loyamba lokhazikika analikonza Ed Headrick ku Oak Grove Park, m'dera la California ku America, m'chaka cha 1975, ndipo bungwe la PDGA, limene limasunga malamulo a maseŵeroŵa, linayamba mu 1976.

Ana athu ataona mbale ikuuluka ngati kabaŵi, anakana kubwerera m'kalasi. Tsono mlendo wathu, poona chimwemwe chawo, anati, "Aphunzitsi, ndalama zanga zikwanira mbale khumi zokha. Musankhe ndinu, ine ndidzatumiza." Apa mpamene panagona nkhani. Mbalezi sitinazionepo m'sitolo iliyonse pa boma la Ntcheu, ndipo munthu amene wakupatsa kamodzi sumubwereranso maŵa kukamuuza kuti unalakwitsa posankha. Mbale khumi pa ana ambiri chotere ziyenera kukhala zoti aliyense angathe kuziponya.

Mbalezi zili m'magulu atatu. Pali zamtunda wautali zotchedwa driver, zimene zili ndi mlomo wotambalala ndi wakuthwa. Pali zoloŵetsera m'dengu zotchedwa putter, zamlomo wobuntha, zouluka pang'onopang'ono. Ndipo pali zapakati, zimene Azungu amati midrange. Anyamata a Sitandade 8 onse anafuula kuti tiitanitse driver, pakuti anaona mlendo wathu akuidutsitsa bwalo lonse la mpira. Ife tinati tiyese tione. Mnyamata wamphamvu kuposa onse anaponya driver ndi mphamvu zake zonse, koma mbaleyo inangouluka pang'ono, nkupotokera kumanzere, nkukagwera m'mapesi a munda wa aphunzitsi aakulu. Kenaka kamtsikana ka mu Sitandade 5 kanatenga mbale yapakati nkuiponya mosapupuluma. Inapita mowongoka ngati chingwe, ndipo inakatera kutsogolo kwa pamene panagwera ya mnyamata uja. Kuthamanga si kufika.

Chifukwa chake nchakuti driver anaipangira dzanja loponya mwaliŵiro kwambiri. Ikapanda kulandira liŵirolo, imafulumira kupendekera kumbali nkugwa. Mbale yapakati siifuna mphamvu zotere, ndiponso siibisa kulakwa kwa woponya: ukaipendeketsa imapita chopendekera, ukaiwongola imawongoka. Motero imaphunzitsa dzanja.

Izi zinatikumbutsa masiku amene tinali kuŵeta ng'ombe m'mapiri a kwathu kuno. Mnyamata aliyense wa Chingoni anali ndi chibonga chake. Chamutu waukulu chinali chokoma kuchinyamula pamaso pa anzako, koma pochiponyera kalulu chinali kugwera pafupi. Chopepuka kwambiri chinali kusokera. Chimene chinali kubweretsa ndiwo kunyumba chinali chapakati, chija dzanja linachizoloŵera, ndipo mwini wake sanali kulola kuchibwereketsa.

Tsono kwa makolo ndi aphunzitsi anzathu amene mwina tsiku lina mudzafunsidwa kusankha monga ife, nazi zimene taphunzira.

Choyamba, ŵerengani manambala anayi amene amalembedwa pa mbale zambiri. Yoyamba ikunena za liŵiro limene mbaleyo ifuna. Zapakati zimakhala ndi 4 kapena 5, pamene driver zina zimafika 14. Yachiŵiri ikunena za kukhalitsa kwake m'malere. Yachitatu ikunena za kukhotera kumanja ikangochoka m'dzanja, ndipo imayambira pa +1 kutsikira ku -5. Yachinayi ikunena za kubwerera kumanzere pamene ikutha mphamvu, kuyambira 0 kufikira 5. Izi zili chotere kwa woponya ndi dzanja lamanja, kunja kwa dzanjalo kutatsogola; kwa wamanzere zimatembenuka. Koma dziŵani kuti manambalaŵa amalemba ndi eni fakitale, aliyense monga mwa muyeso wake, choncho angokulozerani njira. Woweruza weniweni ndi dzanja lanu.

Chachiŵiri, mbale yoyamba kugula ikhale youluka mowongoka. Yotchuka kwambiri pa zotere ndi Buzzz ya kampani ya Discraft, imene inatuluka mu 2003, ya manambala 5, 4, -1, 1. Ina ndi Mako3 ya kampani ya Innova, ya manambala 5, 5, 0, 0. Munthu wokhala ndi imodzi mwa izi angathe kuseŵera bwalo lonse popanda mbale ina.

Chachitatu, kumbukirani mphepo. Ife a ku Ntcheu tidziŵa mmene mwera umawombera m'miyezi ya June ndi July, makamaka cha ku Tsangano ndi ku Lizulu. Mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo, mbale yowongoka ija imakhotera kumanja kopitirira muyeso nkugubuduka. Pamenepo pafunika mbale youma khosi, yokhala ndi nambala yotsiriza yokulirapo, monga Roc ya Innova, ya manambala 4, 4, 0, 3. Koma kwa ana aang'ono, amene dzanja lawo silinakhwime, pafunika yofeŵa mtima, yokhala ndi -2 kapena -3 pa nambala yachitatu, pakuti imeneyi imaŵathandiza kufika patali popanda kudzipweteka phewa. Mbale zitatu izi, yowongoka, youma khosi ndi yofeŵa mtima, zikwanira. Wogula zisanu ndi imodzi zofanana kaulukidwe wangolemeretsa chikwama, ndipo sadzazoloŵera ngakhale imodzi. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chachinayi, yang'anani kulemera kwake ndi pulasitiki yake. Mbale zapakati zimafika magalamu 180, ndipo zolemera chotere zimalimba pa mphepo. Koma kwa mwana wa pulayimale ya magalamu 150 kapena kupitirirapo pang'ono ndiyo yabwino. Pulasitiki yotsika mtengo imagwirika bwino, koma ikamenya miyala ndi mitengo imakumbika, ndipo kaulukidwe kake kamasintha, kuyamba kukhotera kumanja. Bwalo lathu lili ndi miyala yambiri ndi mitengo ya bulugamu kuzungulira, motero tinaona kuti kuli bwino kulandira zochepa zolimba kusiyana ndi zambiri zosakhalitsa. Ngakhale maonekedwe ali ndi ntchito. Mbale yobiriŵira imasoŵa m'dzinja, yachikasu imasoŵa mu udzu wouma wa m'chilimwe. Sankhani yofiira kapena yabuluu, ndipo lembani dzina la sukulu kunsi kwake.

Titakambirana ndi aphunzitsi anzathu, tinalembera mwana wathu uja kuti atitumizire zowongoka zisanu ndi imodzi, zofeŵa mtima ziŵiri ndi zouma khosi ziŵiri, zonse zapakati. Iye anayankha kuti ngati pulasitiki yolimba ikwera mtengo, zidzafika zisanu ndi zitatu, ndipo ife tinavomera. Madengu achitsulo tilibe, koma tapaka laimu pa mitengo isanu ndi inayi yozungulira bwalo, ndipo mbale ikagunda pamene papakidwapo timati yaloŵa. Oyamba maseŵeroŵa ku America nawonso anali kulinga mitengo ndi mizati madengu asanapangidwe.

Anyamata a Sitandade 8 anang'ung'udza ndithu atamva kuti driver palibe. Tinaŵalonjeza kuti amene adzaponye mbale yapakati mowongoka kuchokera pa golo kufika pakati pa bwalo katatu motsatizana, ife eni tidzalemba kalata yompemphera driver. Mlendo wathu anatisiyira mbale imodzi yoyesera, ndipo pamene tikulemba pano mnyamata wamphamvu uja wafika kaŵiri. Kamtsikana kaja ndiko kakumuphunzitsa kagwiridwe kake.