Mafuta a thiransifoma akutsikira kumadimba athu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule m'malo mwa anzanga a m'bairo mwathu kuno ku Ulongwe. Akuba atagwetsa thiransifoma usiku pofuna waya wa kopa, mafuta ake onse anakhuthukira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu. Eni ake anabwera, ananyamula chitsulo chawo, anaika china, magetsi n'kuyakanso. Zikomo kwambiri. Nanga mafuta aja anasiyira yani?

Mpaka lero dothi la m'ngalandemo lili bii, nkhuku zikupalasa momwemo. Kukangowaza kamvula, mafuta amayandama n'kumatsetserekera kudambo kumene amayi amachapa, ng'ombe zimamwa, ifenso timatunga madzi othirira kachewere ndi kabichi. Mbewu zomwezo n'zimene timakagulitsa ku Calómuè ndi ku Lizulu, zina mpaka ku Tete.

Mnansi wina, pofuna kuthandiza, anathirapo sopo wa ufa n'kukhuthulira madzi. Sindikumunena, palibe anamuuza kuti sopo amangomwaza mafuta kuti afike msanga kumtsinje. Ena akuti tingowotcha. Chonde ayi. Mathiransifoma ambiri akale ali ndi mankhwala otchedwa PCB, amene sawola m'nthaka, amaunjikana m'thupi la nsomba ndi la munthu, ndiponso amayambitsa khansa. Ukawawotcha, utsi wake ndiye woopsa kwambiri. N'chifukwa chake Pangano la Stockholm la 2001, limene Mozambique ili nawo, linaika 2025 kukhala chaka chosiyiratu kugwiritsa ntchito zipangizo zoterezi. Kodi yathuyi inali ndi PCB? Eni ake ayeze dothilo, atiuze zoona.

Poyambira pake sipofunika kudikira akatswiri ochokera ku Maputo. Atseke ngalande kumunsi ndi matumba a mchenga, athire utuchi wa kwa akalipentala kuti umwe mafutawo, apale dothi lonse lodalo, aliike m'migolo yotseka bwino n'kupita nalo kosungirako zoterezi. Ogwira ntchitoyo akhale ovala magolovesi ndi majombo, osati anyamata aganyu a manja okhaokha.

Chinanso, m'mawa wa tsiku limene akuba anagwetsa thiransifoma ija, ena ankakokolera mafutawo m'zigubu. Ku Malawi nkhani yoti mafutawa amathera pa chiwaya cha tchipisi ndi yodziwika, ndipo malire ali pafupi. Oyang'anira msika ayendere ziwaya.

Tikupempha kuti ngalandeyi ipalidwe mvula yeniyeni isanayambe.

Mlimi wodandaula,
Ulongwe, Angónia