"Mukaswaipa ndiwonjezera": wa shopu akuba kapena akuteteza mpamba?



Nkhani ya mashopu owonjezera mtengo munthu akatulutsa khadi yatikanganitsa mokwanira. Madalaivala akuti eni mashopu ndi akuba. Eni mashopu akuti madalaivala sadziwa kuwawa kwa mpamba chifukwa amadikira malipiro a pamwezi. Ine ndimagulitsa kuno ku Epworth, ndimapikula m'tauni ndi ku Musina, ndipo ndikakhala pa ulendo ndimasandukanso kasitomala wa anthu ena. Maganizo anga ndi awa: ndalama zimene wa shopu amadandaula kuti zikudulidwa ndi zenizeni, sakunama. Koma kuzitchulira pa kauntala, munthu atanyamula kale katundu, n'kulakwa, ndipo amene amagwa nazo pomaliza ndi ife tomwe ogulitsafe.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Swipe ya ZiG ndi swipe ya madola a ku America si nkhani imodzi.

Ya ZiG gwero lake ndi mantha, ndipo manthawo ali ndi mbiri. Amene tinali kuno ma bond note atabwera mu November 2016 tikukumbuka nthawi ya mitengo itatu pa chinthu chimodzi: wa kashi, wa swipe, ndi wa EcoCash. Mu 2019 ndalama ya papepala inasanduka katundu wogulitsidwa pamsewu. ZiG inayamba pa 5 April 2024 ili pa 13.56 ku dola imodzi. Pa 27 September chaka chomwecho banki yaikulu inaigwetsa tsiku limodzi mpaka kudutsa 24. Mayi amene anagulitsa shuga wake pa swipe sabata imeneyo, ndalama zili mu akaunti akudikira ulendo wokapikula, anadzuka mpamba wake utatsala pang'ono kuduka pakati. Munthu wotero ukamuonetsa khadi lero amayamba wawerengera zimene zinamuchitikira, ndipo sindingamuseke.

Masitolo akuluakulu ndiwo anaona zakuda kwambiri. Lamulo la mu May 2024, SI 81A, linkawakakamiza kugulitsa pa reti ya boma, ndipo wopyola ankalipitsidwa ZiG 200,000. Matakishopu a ku downtown ankangolandira madola a m'manja, opanda makina, n'kumagulitsa motchipa. Zotsatira zake tonse tinaziona: Choppies inachoka m'dziko muno, OK Zimbabwe inatseka nthambi zina, mashelefu ena anali mbuu. Lamulolo linachotsedwa mu April 2025. Kuchokera nthawi ya kugwa kuja reti ya boma yakhala miyezi yambiri isakusuntha kwenikweni. Ndiye amene akuwonjezerabe ngati kuti tili mu 2019 akulipiritsa kasitomala mantha ake, osati ndalama imene ikumutayikira lero. Vuto lotsala n'loti ZiG sungapite nayo ku Musina, ndipo mafuta a galimoto pafupifupi paliponse amafuna madola. Wa geni yaing'ono amafunikabe kuisintha, ndipo posinthapo pamatsala kena kake. Zimenezo ndi nkhani ya reti. Lembani reti yanu pakhomo, munthu aione asanalowe.

Tsopano ya madola, imene madalaivala ambiri mukudandaula nayo. Apa palibe za reti, dola ndi dola. Nanga wa shopu akuwonjezeranji?

Makinawo sabwera ulere. Ena amagula, ena amabwereka ku banki n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Pa swipe iliyonse banki ya wa shopu imatengapo gawo lake. Pali timapepala ta lisiti, pali kutchaja makina m'dera limene nyumba zambiri zimadalira sola, pali netiweki imene imasankha kuzima Lachisanu madzulo. Koma chachikulu si chimenecho. Chachikulu n'choti ndalama ikalowa mu akaunti sinafike m'manja mwako. Ukafuna kuitapa, banki imadula, ndipo kwa ambiri a kuno pamafunikanso kombi ya pa Chiremba Road kupita m'tauni ndi theka la tsiku shopu utasiyira mwana. Ukafuna kuitumiza kwa wa holoselo, msonkho wa IMTT ukukudikira.

Msonkho umenewu ndiwo muzu wa mkangano wathu. Nduna ya zachuma Mthuli Ncube anaukhazikitsa pa 2 peresenti mu October 2018. Kale unali masenti asanu okha pa kutumiza kulikonse. Wakhala ukusinthidwasinthidwa, ndipo mu 2022 unafikapo pa 4 peresenti pa madola usanatsitsidwenso. Kuipa kwake n'koti umadula paliponse pamene ndalama yasuntha. Wa holoselo polipira fakitale adulidwa. Ine polipira wa holoselo ndidulidwa. Inu pondilipira ine mudulidwa. Paketi imodzi ya shuga yalipira katatu isanafike mu kapu ya tiyi. Ndiye eni mashopu anzanga kumbukirani ichi: kasitomala woswaipa walipira kale msonkho wake ndi ndalama ya banki yake. Mukamuwonjezera pa kauntala, kwa iye ndi chikwapu chachitatu pa chinthu chimodzi. N'chifukwa chake amapsa mtima kuposa kukula kwa ndalamayo.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala, inu muikemo a banki yanu chifukwa amasiyana. Mwagulitsa mafuta ophikira ndi shuga za $100, phindu lanu ndi $8, popeza zinthu izi aliyense amadziwa mtengo wake ndipo sungakweze. Tinene kuti swipe yadya $2, kutapa kwadya $3. Mwatsala ndi $3, lendi simunalipire. Apa wa golosale ali ndi mlandu womveka. Koma tengani $100 yomweyo pa mabulangete, nsapato kapena mapoto a ku Joni, pamene phindu limatha kukhala $30 kapena kuposa. $5 ija ikuwawa, inde, koma sikupha geni. Munthu wogulitsa mabulangete akamati "swipe ndi 10 peresenti pamwamba", amenewo si masamu ayi. Waona mpata. Ndipo 10 peresentiyo anaitenga kuti? Mufunseni akuonetseni pepala la ku banki, muona akuyang'ana kumbali.

Chimene sitikonda kuvomereza ife ogulitsa n'choti kashi nayonso imadula, kungoti ilibe lisiti. Dola ya ku America kuno ilibe makobili, ndiye tchenji ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku: maswiti, machesi, kapena "mudzatenga mawa". Ma $1 ndi ma $2 akuda ndi ong'ambika timawalandira chifukwa kasitomala alibe ena, koma wa holoselo amawakana, ndipo kunja kwa malire ndiye sayang'anako n'komwe. $50 yachinyengo imodzi imafafaniza phindu la masiku angapo. Nanga kugona ndi ndalama za sabata yonse m'nyumba ya ku Overspill kapena ku Domboramwari, aliyense akudziwa kuti mawa mukwera basi ya ku Musina? Amene anathyoleredwapo sangakuuzeni kuti kashi ndi yaulere. Tikamawerenga mtengo wa swipe tiziwerenganso mtengo wa loko, mlonda ndi tulo tosagona.

Palinso kasitomala amene amachoka osanena kanthu. Dalaivala wobwera ndi khadi sagula machesi. Amagula zakudya za ulendo wonse, mwina ndi zosiyira banja. Mukamukhumudwitsa chifukwa cha $2, mwataya $60 ya lero, ndipo mawa nkhani yanu ili pa foni ya dalaivala aliyense wa njira ya ku Tete. Anthu awa amauzana za shopu mofanana ndi mmene amauzirana za maenje a mu msewu.

Ndiye chochita n'chiyani? Ine ndimati mtengo ukhale umodzi, wolembedwa pa katundu, ndipo ndalama za banki zikhale zitalowa kale m'menemo, monga mmene timalowetsera thiransipoti, kasitomu ndi lendi. Palibe amene amauza kasitomala pa kauntala kuti "onjezani masenti 50 a msonkho wa pa Beitbridge". Chifukwa chiyani banki yokha ndiyo tiziitchulira pamenepo? Ngati mukufuna kukopa a kashi, achotsereni pang'ono. Ndalama yake ndi yomweyo, koma wochotseredwa amachoka akumwetulira, woswaipa walipira zimene anaona pa shelefu, ndipo palibe amene wanamizidwa.

Ndikudziwa zimene a golosale ayankhe: "Ndikakweza shuga ndi masenti khumi, onse apita kwa mnzanga wa pafupi amene alibe makina." Zoona, ndipo apa ndi pamene mfundo yanga imalemera. Pa zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene anthu amafananizira mitengo, monga shuga, mafuta, ufa, buledi ndi sopo, musakhudze. Gawani ndalamazo pa zinthu zina zimene phindu lake lili ndi malo. Ngati zakanikiratu, lembani chikwangwani chachikulu pakhomo, chonena peresenti yake, ndipo peresentiyo ifanane ndi zimene mukudulidwadi. Koma musanalembe, werengani pepala limene munasainira potenga makina. Mapangano ambiri otere amaletsa kulipiritsa wa khadi mtengo wosiyana, ndipo kasitomala akakadandaula mungalandidwe makinawo. Ku South Africa malamulo a makhadi salola kuwonjezera, ngakhale timakumana nazobe m'mashopu ena a ku Musina. Ku Britain anaziletseratu mu January 2018.

Dziwaninso kuti mphepo ikulowera ku makina, kaya tifune kaya tisafune. Kumayambiriro kwa 2025 boma linalengeza kuti geni iliyonse, ngakhale takishopu, iyenera kukhala ndi makina a swipe ndi akaunti ya ku banki. Mu February chaka chomwecho banki yaikulu, pansi pa gavanala John Mushayavanhu, inalamula kuti swipe yosafika $5 mabanki asamailipiritse. Choncho amene akuwonjezera masenti 50 pa buledi ndi mkaka ponamizira banki, ayambe wafunsa ku banki yakeyo ngati ikudulabe.

Kwa inu madalaivala, pang'ono chabe. Funsani mtengo wa swipe musanadzaze basiketi, osati mutafika kale pa kauntala anthu ali pa mzere kumbuyo kwanu. Yang'anani nambala imene yalembedwa pa makina musanaike PIN, ndipo muonetsetse ngati ndi ZiG kapena madola. Khadi lisapite kuseri kwa shopu "kukasaka netiweki" inu mutatsala, tsatanani nalo. Makina akakana koma foni n'kulira kuti ndalama zachoka, musaswaipenso kachiwiri mothamanga, sungani kapepalako ndi meseji. Ngati khadi lanu ndi Visa kapena Mastercard ya ku Malawi, Zambia kapena South Africa, dziwani kuti wa shopu amadulidwa zambiri kuposa pa khadi la kuno lodutsa pa Zimswitch, ndipo banki yanu kwanu idzadulanso posintha ndalama. Pa zinthu zing'onozing'ono ndi bwino kungosunga timadola tating'ono m'thumba. Ndipo ngati ndalamazo ndi za kampani, uzani wa shopu alembe zowonjezerazo pa lisiti. Akakana kulemba, mwadziwa kale kuti iye mwini sakuzikhulupirira, komanso bwana wanu sangakubwezereni ndalama yosaoneka pa pepala.

Chimodzi chimene ndikuchenjeza mbali zonse ziwiri ndi ija ya "swaipani $100 ndikupatseni $90 ya m'manja", ndi kubwereka makina olembedwa dzina la munthu wina. Kumeneko sikugulitsa katundu, n'kugulitsa ndalama, ndipo a Financial Intelligence Unit akhala akutseka maakaunti pa nkhani zoterezi. Akaunti ikatsekedwa, mpamba wanu wonse uli m'katimo, ndipo ngati makinawo ndi a munthu wina mulibe ndi pepala lomwe losonyeza kuti ndalamazo ndi zanu.

Amene mumadutsa ku Chirundu, ku Tete ndi ku Mwanza, tiuzeni mashopu a kumeneko akuchita bwanji ndi makhadi, ndipo eni mashopu amene muli ndi makina lembani peresenti imene banki yanu ikudula pa swipe ndi potapa, tifananize.