Wamkulu nayenso ndi mwana wa sukulu

Mwana wa kalasi yoyamba akabwera kucokera ku sukulu, onse amamufunsa. Amayi amafuna kuona zilembo zimene walemba. Agogo amamupempha kuti aimbe nyimbo imene waphunzira. Mwanayo amakondwa, ndipo m'mawa amathamangira ku sukulu.

M'nyumba yomweyo muli wina wa zaka 14 kapena 15. Iyenso wabwera kucokera ku sukulu, koma safunsidwa kanthu. Akangoika makope pansi, amapatsidwa ndowa kapena khasu. Anthu amati wakula. Kukula wakuladi, koma nayenso ndi mwana wa sukulu, ndipo katundu wake ndi wolemera kuposa wa mng'ono wake.

Lamulo la maphunziro la caka ca 2018 limati mwana aliyense wa ku Mozambique aphunzire mpaka kalasi 9. Kuyambira mu 2023, kalasi 7 inapita ku sekondale. Kumeneko phunziro lililonse lili ndi mphunzitsi wake, ndipo mabuku ndi a Cipwitikizi. Ana ena amayenda ulendo wautali tsiku ndi tsiku. Ena amasiya mudzi n'kukakhala kwa abale ku Ulongué.

Mayeso amafika kumapeto kwa caka, mu Novembala ndi Disembala. Ku Angónia ndi ku Tsangano, imeneyi ndiyo nthawi ya mvula yoyamba. Khasu ndi kope zimalimbirana mwana mmodzi. Munda sudikira, zimenezo n'zoona. Banja likacedwa kudzala cimanga, njala imagwira onse. Koma mayeso nawonso sadikira.

Mabanja ena amamasula mwana sabata imodzi yokha mayeso atayandikira. Amati awerenge usiku wonse. Mwanayo amaviika mapazi m'madzi ozizira kuti asagone. Zimenezi sizithandiza. Kalekale, mu 1885, munthu wina wa ku Germany, dzina lake Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti munthu amaiwala msanga zambiri zimene wangophunzira. Anaonetsanso kuti kubwereza pang'ono pang'ono, masiku osiyana, kumasunga zinthu m'mutu kuposa kubwereza zonse tsiku limodzi. Mlimi amadziwa zimenezi. Dimba salithirira madzi a mwezi wonse tsiku limodzi.

Conco mwana wamkulu apatsidwe nthawi yake tsiku lililonse, kuyambira pamene sukulu yatsegulidwa. Ola limodzi likwanira. Likhale ola la masana, dzuwa lisanalowe, cifukwa utsi wa koloboyi umapweteka maso. Pa ola limenelo asatumidwe kumsika, asatumidwe kucitsime. Ndowa idikire. Ndipo usiku agone. Madokotala amati mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Mutu wosagona sugwira kanthu.

Kuwerenga si kuyang'ana buku basi. Wophunzira wanzeru amawerenga tsamba limodzi, n'kutseka buku. Kenaka amayesa kunena zimene wawerenga, m'mau ake, m'Cinyanja. Pamene wakakamira, ndi pomwepo sanamvetse. Amatsegulanso buku n'kuona.

Apa mwana wa kalasi yoyamba ali ndi nchito yaikulu. Iye akhale pafupi, amvetsere, ndipo afunse.

"Acemwali, mvula imacokera kuti?"

"Imacokera m'mitambo."

"Nanga madziwo amakwera bwanji kumwambako?"

Mlongo wamkulu akatha kuyankha mpaka wamng'onoyo amve, ndiye kuti phunzirolo walidziwa. Akalephera, wapeza coti akafunse aphunzitsi mawa. Amayi ndi abambo amene sanapite ku sukulu angathenso kucita comweco. Sikofunika kudziwa Cipwitikizi kuti munthu afunse mwana wake zimene waphunzira lero.

Koma pali cina coposa ola ndi buku. Ndi mtima.

Pa msinkhu umenewu thupi limasintha. Mnyamata mau amakula, ndipo anzake amamuseka. Mtsikana akakula cinamwali, masiku ena amaopa kupita ku sukulu cifukwa alibe codzisamalira naco. Wina amavala nsapato zong'ambika pakati pa anzake a m'tauni. Wina atate ake anamwalira. Zonsezi mwana amalowa nazo m'kalasi, ndipo mau a aphunzitsi amangomudutsa.

Pepala la mayeso likabwera ndi 7 pa 20, akulu ena amakalipa. Amati ndi waulesi, ndi mbuli, ndalama zangopita pacabe. Ena amatenga ndodo. Mwanayo amakhala cete, ndipo pepala lotsatira amalibisa. Ndodo imaphunzitsa kubisa, siiphunzitsa masamu. Kuti afike pa 10, mwana uja akusowa 3 yokha. Funso labwino ndi lakuti, "Mwana wanga, cakuvuta n'ciani?" Mwina bolodi saliona bwino. Mwina amapita ku sukulu osadya. Mwina pali wamkulu wina amene akumuvutitsa panjira.

Mwana amene anali wosangalala akayamba kudzipatula, kukana cakudya, kusowa tulo kapena kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, si mwano nthawi zonse. Kawirikawiri ndi cisoni cimene casowa potulukira. Ana ambiri amacita manyazi kuuza makolo awo. Ndi cifukwa cake pamudzi pali azakhali, amalume ndi agogo. Mmodzi wa iwo akhale naye pansi, amve mpaka amalize, osamudula mau. Mwana akanena kuti moyo wamutopetsa, asasiyidwe yekha. Apite naye kucipatala tsiku lomwelo.

Mtsikana akalephera mayeso, ena amati basi akwatiwe. Lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa munthu amene sanakwanitse zaka 18. Amene watenga pakati nayenso sacotsedwa m'kalasi la masana. Lamulo la 2003 limene linkamutumiza ku sukulu ya usiku linathetsedwa mu 2018. Malo ake m'kalasi alipo.

Nthawi zina wovutitsa mwana amakhala wa m'nyumba momwemo, ndipo mwanayo amasowa womuuza. Pali foni ya ana yochedwa Linha Fala Criança. Nambala yake ndi 116, ndipo kuimba n'kwaulere. Mwana wa kalasi yoyamba amene waphunzira kulemba 1 ndi 6 angathe kuilemba pacikuto ca kope la mkulu wake.