Kucheza kwa Mwezi Uno: Munda wa Magetsi ndi Mseu wa Ana Athu

Mwezi uno tifuna kucheza nanu, a m'midzi ya m'Chigwa cha Shire, za chinthu chimene ambiri a inu simunachione ndi maso, ngakhale mbiri yache mwaimva pa wailesi, ndicho munda wa magetsi a dzuwa. Tiuchula munda chifukwa utenga malo monga munda wa thonje, koma m'mizere mwache mulibe mbeu. Muli magalasi akuda amene anthu awachula mapanelo, oimikidwa pa zitsulo, ndipo nchito yao ndiyo kulandira kuwala kwa dzuwa ndi kukusandutsa magetsi.

Chifukwa chache dziko lathu liri kufuna minda yotere muchidziwa bwino, pakuti chinachitikira pakhomo panu. Magetsi ambiri a m'Malawi achokera m'madzi a Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi anachepa, ndipo magetsi anazima kawirikawiri. M'mwezi wa January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, makina anaima kufikira chaka cha 2023, ndipo dziko linataya pafupifupi limodzi la magawo atatu a magetsi ache. Motero maso a Boma ndi a makampani atembenukira kumwamba. Ku Salima munda wa mamegawati 60 unatsegulidwa ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera m'chaka cha 2021. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, wina wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire osungira mphamvu, unayamba nchito m'chaka cha 2022. Kwathu kuno taona ing'onoing'ono yokha, monga ija ya pa Mwalija ndi pa Oleole ku Chikwawa, ndi ya pa Nyamvuwu ndi pa Chimombo ku Nsanje, imene inamangidwa ndi thandizo la European Union kuti ipope madzi a ulimi wothirira. Koma dzuwa limene litiotcha m'mwezi wa October ndilo chuma chimene omanga minda yotere achifuna, ndipo malo athu ali a chidikha. Chifukwa chache nkwabwino kuti tikonzeke lero, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Munda wa magetsi ukatha kumangidwa ukhala chete. Sutulutsa utsi, suchita phokoso lalikulu. Bvuto lache liri pa nthawi ya kumanga, ndipo lidzera pa mseu. Taganizani: munda wa ku Salima uli ndi mapanelo oposa 200,000. Ambiri a mapanelo a pa dziko lapansi apangidwa ku China, afika pa sitima za pamadzi ku madoko a ku nyanja yaikulu monga Beira ndi Nacala, ndipo kontena imodzi itenga mazana ochepa okha. Ndiko kunena kuti mapanelo okha afuna malole mazana angapo. Onjezanipo zitsulo, simenti, mchenga, miyala, waya wa mpanda, mathiransifoma, makina osalaza nthaka, ndi magalimoto otenga anchito m'mawa ndi madzulo. Zonsezi zikadza kwathu zidzatsika mseu uja wokhotakhota wochokera ku Blantyre kufikira pa Thabwa, zidzaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, zidzapyola misika ya Dyeratu, Nchalo, Ngabu kapena Bangula, kumene anthu agulitsa malonda m'mphepete mwenimweni mwa phula. Ndipo potsiriza zidzapatuka kulowa m'kamseu ka dothi kamene ana athu ayendamo popita ku sukulu, amai popita ku mjigo, ndi ng'ombe popita kukamwa. Amene mukhala kufupi ndi ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, imene nchito yache inakhazikitsidwa m'chaka cha 2020, mudziwa kale kuchuluka kwa magalimoto amene nchito yaikulu ibwera nao.

Ife tomwe, tsiku lina tiri pa njinga m'kamseu ka kumudzi m'nyengo ya chilimwe, tinakomana ndi lole yodzala miyala ya nchito ina yomanga. Itapita, pfumbi linatseka njira kotero kuti sitinathe kuona ngakhale gudumu la kutsogolo. Pamene pfumbi linayamba kutsika, tinaona tiana titatu ta sukulu tiri chiimire pakati pa mseu, titatseka maso ndi manja. Ndipo kumbuyo kunali kumveka lole yachiwiri. Tinapfuula, tiana tinathawira m'tchire, lole inadutsa osachepetsa liwiro, pakuti woyendetsa sanaone kanthu. Palibe anabvulala tsiku lija, koma kuyambira pomwepo tidziwa kuti pfumbi liri ndi zoopsa ziwiri: lidwalitsa chifuwa ndi maso, ndiponso libisa mwana pamaso pa dalaivala.

Tsono tichitenji? Choyamba mudziwe kuti lamulo liri kumbali yanu. Lamulo losamalira chilengedwe la chaka cha 2017 linena kuti nchito yaikulu yotere isayambe asanafufuze ndi kulemba zobvuta zimene idzabweretsa pa anthu ndi pa malo, pamodzi ndi njira zozichepetsera. Ndipo bungwe la Boma lochedwa MEPA ndilo liona chikalatacho ndi kuchibvomereza kapena kuchikana. Pofufuzapo ayenera kumva maganizo a eni mudzi. Msonkhano umenewo ndiyo nthawi yanu. Ambiri apita kumeneko ndi funso limodzi lokha, lakuti ganyu ayamba liti. Aomba m'manja, abwerera, ndipo pambuyo pache adandaula pa bwalo la mowa. Safunsa anadya phula. Pitani amuna ndi akazi omwe, pamodzi ndi aphunzitsi a sukulu ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe pa pepala, chisainidwe, chikalata china chikhale kwa amfumu, china ku ofesi ya DC. Lonjezo la pakamwa lichoka pamodzi ndi amene analinena.

Za mseu pemphani izi. Njira ya malole isankhidwe pamodzi ndi inu, ndipo ngati ilipo ina yolambalala sukulu, msika ndi chipatala, atenge imeneyo ngakhale italike. Malole asayende pa nthawi imene ana ali kupita ku sukulu kapena kuweruka, asayende usiku, ndipo pa tsiku la msika achepe. M'kati mwa mudzi liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ora, ndiwo muyeso umene bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liulimbikitsa pa malo amene anthu oyenda pansi asakanizana ndi magalimoto. Chifukwa chache nchakuti galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene ifuna kuti mabuleki aiimitse uwirikiza kanai. Ndipo lole yosenza matani makumi atatu siima monga iima njinga. Pa sukulu ndi pa mphambano paikidwe zikwangwani ndi zitunda, ndipo paime anthu a mbendera olembedwa m'mudzi momwemo, amene adziwa mwana aliyense ndi dzina. Lole iriyonse ikhale ndi nambala yaikulu yooneka patali, kuti wothamangitsa adziwike ndi kunenezedwa.

Musaiwale mseu weniweniwo. Lole imodzi yolemera iononga mseu koposa magalimoto ang'ono ambirimbiri, ndipo timilatho tathu ta m'midzi sitinamangidwire katundu wotere. Nchito isanayambe, yendani mseu wonse pamodzi ndi a kampani ndi a ku khonsolo, mujambule zithunzi pa foni za mlatho uliwonse ndi za makoma a nyumba zoyandikana ndi njira. Pakuti khoma likang'ambika ndi kugwedezeka kwa nthaka, chithunzi ndicho chidzakhala mboni. Alonjeze m'kalata kuti adzakonza mseu nthawi ya nchito, makamaka m'dzinja, ndi kuusiya wabwino pochoka. Ngolo ya thonje ndi njinga yonyamula wodwala zidzafunabe njira yomweyo alendo atapita.

Za pfumbi, mankhwala ache ndiwo kuthira madzi pa mseu ndi kuphimba mchenga pa lole ndi lona. Koma funsani kuti madziwo adzatunga kuti. Mudziwa kuti kuno ku Chigwa mijigo yambiri ituluka madzi a mchere, ndipo mjigo wa madzi okoma uli ngati nkhokwe ya mudzi wonse. Galimoto ya thanki isamwe pa mjigo umenewo. Akumbe chitsime chao, pakuti ngakhale atatha kumanga adzafunabe madzi otsukira mapanelo. Ndipo mungathe kupempha kuti mudzi upatsidwe mpopi pa chitsimecho.

Madzi a mvula nawo afuna kuwaganizira. Megawati imodzi itenga malo a mahekitala pafupifupi awiri, motero munda waukulu ulambula mahekitala oposa zana. Mitengo ikadulidwa ndi nthaka ikatsenderedwa ndi makina, madzi salowa pansi monga kale, athamanga kunka kumunsi. Ife amene tinaona madzi osefukira a 2015, a 2019, a 2022 ndi a namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023 sitifuna kuuzidwa za ukali wa madzi. Akulu a m'mudzi adziwa kumene madzi adzera. Aonetse akatswiri, ndipo afunse kumene ngalande za mundawo zidzathira. Maenje okumbamo dothi ndi miyala akwiriridwe nchito ikatha, ndipo asanakwiriridwe atchingidwe, chifukwa akadzala madzi aitana ana kukasambira ndi udzudzu kukaswana.

Za malo tinene mosabisa. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lipatsa eni minda mau pa malo ao, ndipo munda sutengedwa popanda chipepeso. Poyesa munda mwini akhalepo, mitengo ya mango ndi ya masau iwerengedwe umodzi umodzi, ndipo pa chikalata palembedwe dzina la mwamuna ndi la mkazi yemwe. Taona mabanja amene ndalama ya munda inathera pa njinga yamoto ndi pa mowa, ndipo pofika dzinja analibe polima. Ndalama ya munda igule munda. Manda, nkhalango zolemekezeka, ndi njira za ng'ombe zopita ku dambo, muzionetse mapu asanajambulidwe. Mpanda ukaima, kuusuntha nkobvuta.

Pali chinthu china chimene makolo achita nacho manyazi kuchinena pa msonkhano, koma chiononga mabanja koposa pfumbi. Nchito yotere isonkhanitsa amuna mazana, ambiri a kutali ndi akazi ao, okhala ndi ndalama m'thumba pa kutha kwa mwezi, pakati pa midzi yosauka. Mlendo ndi mame, sakhalitsa. Koma mimba ya mtsikana wa sukulu ndi matenda zitsala. Pemphani kuti msasa wa anchito umangidwe kutali ndi sukulu, kuti wanchito aliyense asaine malamulo a makhalidwe, ndi kuti pakhale munthu wamkazi wodalirika amene amai ndi atsikana angamuuze dandaulo lao mosaopa. Ndipo inu makolo musatume mwana wamkazi kukagulitsa mandasi ku msasa madzulo. Kapitao wofuna mbuzi, ndalama kapena thupi la munthu kuti alembe dzina pa ganyu ali kuchita mlandu, muneneze.

Tikuchenjezaninso pa ziyembekezo ziwiri. Ganyu wa kumanga achuluka kwa chaka chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Pambuyo pache atsala anthu owerengeka, alonda, otchetcha udzu ndi otsuka mapanelo. Wolembedwa asasiye munda wache. Ndiponso magetsi a munda waukulu salowa okha m'nyumba zoyandikana nao. Agulitsidwa kwa ESCOM, nalowa m'mawaya akulu a dziko lonse. Ngati mufuna kuti sukulu yanu kapena chipatala chanu chiwale, nenani zimenezo poyamba, zilowe m'pangano.

Sitinena izi kuti mukane nchito yabwino, iai. Dziko lisowa magetsi, ndipo chigayo, chipatala ndi mwana wowerenga usiku zonse zipindula nawo. Walira mvula walira matope. Koma mlimi wanzeru akumba ngalande mitambo isanade. Sankhani komiti ya anthu okhulupirika, amuna ndi akazi, yokhala ndi kope lolembamo dandaulo lirilonse, tsiku lache, nambala ya galimoto, ndi yankho limene linaperekedwa. Ndipo ngati a kampani sayankha, kope lomwelo lipite kwa DC.

Pali mbali imene siidikira kampani kapena Boma, ndiyo ya pakhomo panu, ndipo ithandiza ngakhale lero pa mseu wa malole a nzimbe ndi a thonje. Madzulo ano, mutatha kudya, itanani ana muwaphunzitse: ayende ku dzanja lamanja la mseu, kuti aone galimoto imene iri kudza kutsogolo kwao, lole ikadutsa apatukire kutali, adikire kufikira pfumbi litatsika, pakuti kawirikawiri inzache iri m'mbuyo, asathamangire lole kapena kukwera kumbuyo kwache, asaime pafupi ndi lole imene iri kubwerera chambuyo kapena kukhota, chifukwa woyendetsa saona chimene chiri m'munsi mwache. Abusa a ng'ombe aolotse ziweto pa malo amodzi odziwika, wina ali kutsogolo, wina m'mbuyo. Mubwereze mau amenewa kufikira ngakhale wamng'ono wa sitandade 1 atawanena yekha.