ZA ZOLEMBERA ZA INKI ZOKHALA NDI DZINA LAKUBA



Tiyamba kalata wa mwezi uno ndi nkhani yocititsa manyazi, koma tayesa kuti kuibisa sikudzathandiza munthu. Mukumbukira kuti pa msonkhano wapita uja tinasonkha ndarama zogulira mlembi wathu wakale colembera ca inki, cikhale comuthokozera pa zaka zambiri zimene anasunga buku la misonkhano yathu. Ena anapatula pa malipiro ao, ena anagulitsa nkhuku. Otumidwa kukagula tinali ife, ndipo tinagula kwa munthu wina woyendayenda ndi malonda, amene dzina lace sitilemba muno. Colemberaco cinali cakuda, conyezimira, m'bokosi lokoma, ndi nyenyezi yoyera pamutu pace. Mwiniyo anati ndi Montblanc, natiuza kuti acigulitsa motsika cifukwa asowa ndarama ya ulendo. Asanathe masabata atatu golidi wa pa nibu anasuluka, pansi pace nkuoneka citsulo, ndipo inki inatayikira m'thumba la jekete la mkuluyo ali m'kacisi. Iye sanadandaule, pakuti ndi munthu waulemu. Koma banga lija tinaliona tonse.

Tsono tafunsafunsa kwa odziwa, ndipo zimene taphunzira mocedwa tizipereka kwa inu, kuti ndarama ija isatayike yonse.

Colembera cotsika mtengo si ndico conyenga ai. Kampani ya Parker ya ku America inatulutsa m'caka ca 1941 colembera cochedwa Parker 51, cimene nibu yace iri yobisika, ndi nsonga yokha ioneka. Ndipo cinamveka pa dziko lonse. Pambuyo pace fakitale ya Hero ya ku Shanghai inapanga cina cofanana naco maonekedwe, cochedwa Hero 616, ca mtengo wocepa ndithu. Koma pa ico analembapo dzina lao lao, ndipo wogula adziwa cimene wagula. Ameneyo sanaberedwe. Woberedwa ndiye amene walipira dzina la Parker kapena la Montblanc, pamene m'dzanja mwace muli cinthu cosadziwika kwao. Ndipo taonani kukula kwace kwa cinyengo: ngakhale Hero 616 yemweyo, wa mtengo wocepayo, alipo ena amene amapanga zabodza zace.

Cimene cikadatipulumutsa ife ndi mtengo. Montblanc apangidwa ku Hamburg m'dziko la Germany, ndipo colembera cao cacikuru, Meisterstück 149, cigulidwa catsopano ndi mapaundi a ku England mazana ambiri. Ndarama zathu zonse zija sizikadafika ngakhale pa cibvundikiro cace. Tinadziwa kuti ncamtengo wapatali, ndipo cifukwa ca ico tinakondwera, tiri kuyesa kuti tapeza mwai pa tsoka la mnzathu. Apa tibvomere kuti wonyengayo sanagwire nchito yekha; mtima wathu unamthandiza.

Tinene za nibu, pakuti ndipo pagona cuma ca colembera. Nibu ya golidi weniweni imakhala ndi nambala 585 kapena 750, ndiko kunena kuti mwa magawo 1,000 a nibuyo, 585 kapena 750 ndi golidi. Ena alemba 14K ndi 18K, tanthauzo lace ndi lomwelo. Ya Meisterstück iri ndi nambala inanso, 4810, ndiwo msinkhu wa phiri la Mont Blanc m'mamita. Koma kudinda nambala sikubvuta, ndipo yathu ija inali nazo zonse. Cifukwa cace tengani maginito. Golidi sakokedwa ndi maginito. Nibu yolembedwa 750 ikamamatira, musafunsenso kanthu, bwezani. Ikapanda kumamatira musafulumire kukondwa, pakuti ziripo zitsulo zina zosacita dzimbiri zimene maginito sazigwira. Ndipo mukaona pa nibu mau akuti Iridium Point Germany, dziwani kuti limenelo si dzina la kampani. Mauwa apezeka pa zolembera zambiri zotsika mtengo, ndipo Montblanc salemba comweco pa nibu zace.

Tisanamizire citsulo. Lamy Safari, cimene cinayamba m'caka ca 1980 ku Heidelberg, ciri ndi nibu yacitsulo, ndipo eni ace sabisa. Cilemba bwino zaka zambiri. Coipa ndi citsulo codzinenera kuti ndi golidi.

Cina cimene wonyenga alephera kawirikawiri ndi kamwedwe ka inki, cifukwa za m'kati zifuna mmisiri. Meisterstück 149 yeniyeni simasulidwa pakati kuti muikemo kabotolo ka inki. Mubviika nibu m'botolo ndi kupotoza kumbuyo kwace, inki nikwera yokha m'mimba mwace. Yathu inamasuka pakati monga colembera ca mwana wa sukulu, ndipo ife, amene tagwira zolembera ciyambire Standard Three, sitinazindikire. Odziwa atiuzanso kuti thupi lakuda la Montblanc likaunikidwa ndi tochi yowala kwambiri lioneka lofiirira m'kati, ndi kuti kuyambira 1991 pa mphete ya kokolowekera pa thumba pamakhala nambala ya colemberaco. Izi ziri zoona, koma akuba anaziphunziranso, kotero kuti cizindikiro cimodzi pa cokha sicikwana. Za bokosi ndi mapepala ace tisatayepo nthawi: ndizo zosabvuta kusindikiza koposa zonse. Akulu anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere.

Kwa amene afuna Parker 51, pakuti tidziwa kuti akuluakulu ambiri aikumbukira m'matumba a aphunzitsi ao, pali cinthu cimodzi coyenera kudziwa. Yakale ija inaleka kupangidwa kalekale, ndipo cibvundikiro cace cinali congosolola. Kampani inatulutsanso ina ya dzina lomwelo m'caka ca 2021, ya cibvundikiro copotoza. Munthu akakuonetsani zakalezo zambirimbiri, zonse zatsopano, mufunse bwino kumene zinagona zaka zonsezi.

Koposa zonse, musagule colembera cimene simunalembe naco. Wamalonda woona sakana kuti mubviike nibu m'inki ndi kulemba dzina lanu pa pepala. Penyani ngati mano awiri a nibu ali olingana, ngati malembo a pa mphete ali akuya ndi oongoka, ngati cibvundikiro citseka osagwedera. Ici cikhudzanso ana athu amene agula zinthu pa intaneti ataona cithunzi cokha, ndi abale a ku Johannesburg amene atitumizira mphatso ndi mtima wabwino: cithunzi cikhoza kukhala ca colembera ceniceni, cofika m'phukusi nkukhala cina. Mupemphe risiti yolembedwa dzina la sitoro, dzina la colembera, ndi mau akuti nibu ndi ya golidi ngati wanena comweco. Amene akana kulemba cimene wanena ndi pakamwa wakuuzani kale zonse.

Kwa inu mafumu tinena ndi ulemu wonse. Amalonda otere afika kwa inu poyamba, podziwa kuti mfumu siyenera kusaina kalata wa malo kapena ciweruzo ca mlandu ndi cinthu conyozeka, ndi kuti mfumu ikanyengedwa siinena poyera. Tikupemphani kuti wotere akafika pa bwalo mumuuze adikire kufikira mlembi wanu ataciyesa.

Pa msonkhano ukudzawu tidzaika mau awa kuti muwaweruze: kuti ndarama ya Bungwe isagulenso kanthu kwa munthu wopanda sitoro, ndi kuti otumidwa akhale awiri, nabwere ndi risiti. Ife amene tinalakwa tidzabweza theka la ndarama zija za m'thumba mwathu, ndipo tipempha kuti mkulu wathu agulidwe colembera ca nibu yacitsulo ca dzina loona. Pa tebulo padzakhala maginito, tochi ndi botolo la inki. Amene akayika ndi colembera cace abwere naco, ndipo cathu cija cidzakhala coyamba kuyesedwa pamaso pa onse.