Zipolopolo za apolisi ziwerengedwe, zisagulitsidwe

Pali kankhani kamene kayamba kuyenda m'maminibasi a pa Zalewa ndi m'malo omwera tiyi a m'tauni, ndipo okakometsa kwambiri ndi abale athu ena amene anakhalitsa ku Johannesburg ndi ku America. Akuti popeza mbava zanyanya ndipo apolisi amafika mochedwa, boma limasule lamulo kuti aliyense wokhala ndi ndalama zake azigula mfuti ya m'thumba, ndipo azigulanso zipolopolo zomwezo zimene makampani amapangira apolisi. Akuti umenewu ndi umodzi mwa ufulu umene tinavotera pa 14 June 1993. Ine ndikuti ayi. Nyali imene tinaiponyera voti tsiku lija inali yoti iwalitse m'nkhokwe za boma kuti tione zimene zilimo, osati yoti aliyense apeze poonera potapa chipolopolo chake.

Tiyambe tafunsa, Amalawi anzanga: kodi zipolopolo za apolisi zimene akuzitamazi ndi zotani? Chipolopolo wamba cha msilikali chimakhala chokutidwa ndi chitsulo mpaka kumutu, ndipo chikalowa m'thupi nthawi zambiri chimatulukira kwina. Chimene apolisi ambiri a ku America amanyamula chili ndi kamphako kumutu. Chikangolowa m'mnofu chimayanzika ngati bowa, chimang'amba malo aakulu n'kuima momwemo. Apolisiwo amati ubwino wake ndi wakuti sichipyola kukalasa munthu wosalakwa amene waima kumbuyo kwa chigawenga. Mwina n'zoona. Koma dziwani kuti chipolopolo cha mtundu umenewu, chimene akale ankachitcha dumdum potengera malo otchedwa Dum Dum kufupi ndi Calcutta kumene Angerezi ankapangira zida, maiko anachiletsa pa nkhondo mu 1899 pa msonkhano wa ku The Hague. Chinthu chimene msilikali saloledwa kuombera nacho mdani wake pa nkhondo, abale athuwa akufuna chizikhala m'kabati ya munthu wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni, pambali pa mabuku a ana a sukulu.

Ku America komweko mawu akuti "za apolisi okha" olembedwa pa kabokosi si lamulo la dziko lonse ayi. Kawirikawiri ndi kampani imene imalemba, ndipo m'madera ambiri munthu wamba amazipezabe m'sitolo. Mawuwo amagwira ntchito ngati nyambo: wogula amadzimva ngati naye wavala yunifolomu. Kampani ya Winchester inatulutsa zipolopolo zotchedwa Black Talon, n'kuzitsatsa ndi mawu okoma. Pa 1 July 1993 munthu wina analowa m'nyumba ya maofesi mu mzinda wa San Francisco n'kupha anthu 8, ndipo zina mwa zipolopolo zake zinali zimenezi. Chisanathe chaka chomwecho kampaniyo inasiya kuzigulitsa kwa anthu wamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Eni ake anazionera okha, ife ndiye tikathamangire?

Sindikunyoza mantha a anthu. Kuno ku Midzemba, kumunsi kwa Neno, timadziwa tanthauzo la usiku wautali. Khola likathyoledwa pakati pa usiku, ng'ombe zimakhala zitafika kutali munthu asanapeze n'komwe njinga yokanenera kupolisi, ndipo ukakanena umamva kuti galimoto ilibe mafuta. Mayi wogulitsa pa golosale amagona ndi ndalama zake pansi pa mphasa. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo boma limene limatolera msonkho koma osateteza wokhoma msonkhoyo lili ndi mlandu.

Koma tandiuzani, ndani angagule mfutiyo? Mlimi wa pa Midzemba amene akulephera thumba la feteleza? Mnyamata wokankha makala pa njinga kupita pa Zalewa? Mfuti ndi zipolopolo zake zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene ngakhale zipatala zathu zimazisowa pofuna kugula mankhwala. Odzagula ndi mabwana a m'tauni, ochita malonda akuluakulu, ndi andale amene adzagulire anyamata awo. Lamulo limeneli akulitchula m'dzina la mmphawi, koma mmphawiyo adzakhala kutsogolo kwa mpope wa mfuti, osati kumbuyo kwake.

Ndipo ife, mwa anthu onse, sitifunika kukaphunzira zimenezi ku San Francisco. Tinali nawo kale anthu osakhala apolisi, osakhala asilikali, amene ankanyamula zida zogulidwa ndi ndalama za boma. Ankatchedwa apayoniya. Anayamba mu 1963 ngati gulu lophunzitsa achinyamata ulimi ndi mwambo, koma pofika kumapeto anali ndi nkhokwe zawo za mfuti, akazitape awo, ndi lamulo lowateteza moti wapolisi sankatha kungomanga mpayoniya popanda chilolezo. Inu amene munathawa dziko lino mukudziwa bwino chimene munkathawa. Ife amene tinatsala tikukumbukira kutsekeredwa pakhomo la msika ndi la chipatala chifukwa chosowa khadi la chipani. Pamene apayoniya anapha asilikali awiri ku Mzuzu kumayambiriro kwa December 1993, asilikali anatuluka m'mabaraki awo n'kuyamba Operation Bwezani. Apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique, ambiri ndi zida zawo. Kodi alipo anaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kutiwerengera kuti apayoniya anapatsidwa zipolopolo zingati, zinabwezedwa zingati, zinasowa zingati? Ine sindinamvepo. Ngongole imeneyo tikadali nayo, ndiye wina akuti titsegule ina.

Onjezani apo za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu October 1992. Dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ena anakhala kwathu konkuno, ku Luwani ndi ku Chifunga. Anthu amenewo anali abale athu ovutika, ndipo sindikuwaloza chala. Koma malire amene anthu ankadutsa ndi mitolo pamutu ndi omwewonso amene AK-47 inkadutsa, ndipo zaka zoyamba za matipate zinadzaza ndi nkhani za achifwamba a mfuti. Mfuti imakhala zaka zambiri, koma yopanda chipolopolo ndi chibonga chabe. Chimene chimaletsa mfuti zokwiriridwa m'minda kulira usiku uliwonse ndi kuvuta kwa kapezedwe ka zipolopolo. Kuyambira mu 1967 lamulo lathu limafuna kuti munthu akhale ndi chiphaso asanasunge mfuti kapena zipolopolo. Ndi lamulo la nthawi ya Kamuzu, inde, ndipo malamulo ambiri a nthawi imeneyo tinawataya mosanong'oneza bondo. Koma si chilichonse chimene chinali m'nyumba ya mfiti chili chaufiti. Mpini wa khasu ndi mpini basi.

Pali china chimene ife a ku Neno sitiyenera kuchibisa. Mu January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga m'boma lomwe lino, gulu la anthu linapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Analibe mfuti anthu amenewo. Anali ndi mkwiyo, mphekesera ndi zida za kumunda. Amene akuti tidziteteze tokha aganizire tsiku limenelo, ndipo aikepo kabokosi ka zipolopolo zoyanzika ngati bowa.

Koma mfundo yanga yaikulu si imeneyi. Yaikulu ndi ya umboni. Lero chipolopolo cha boma chikapezeka m'thumba la munthu wamba, kapena chigoba chake chikatoledwa pakhomo la sitolo yothyoledwa, chinthucho chimayankhula chokha. Chimati: ndinabedwa, kapena ndinagulitsidwa, kapena ndinabwerekedwa ndi munthu wa yunifolomu. Palibe njira yachinayi. Tsiku limene lamulo lidzalole kuti zipolopolo za mtundu womwewo zizigulitsidwa pa kauntala, chipolopolo chija chidzatsekedwa pakamwa. Wogwidwa nacho adzati ndinagula. Wapolisi wosakhulupirika adzati si changa, pakuti aliyense ali nazo. Ndipo boma likadzaombera anthu ochita zionetsero lidzati si ife, anaombera ndi eni masitolo poteteza katundu wawo.

Musati ndikulota. Mu May 1992 anthu oposa 30 anaphedwa pa zipolowe zimene zinayamba ndi sitalaka ya ogwira ntchito pa David Whitehead mu Blantyre. Pa 20 ndi 21 July 2011, m'boma losankhidwa ndi voti, anthu 20 anafa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu, ndipo bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa pambuyo pake linapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Anatha kunena zimenezi chifukwa panalibe chikaiko chachikulu kuti zipolopolo zamoyo zinali m'manja mwa yani. Ndipo ife amene kale tinali pansi pa boma la Mwanza, Neno asanakhale boma palokha mu 2003, tikudziwa mmene olamula amakondera kusokoneza umboni. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Panatenga zaka zoposa 10 kuti choona chinenedwe poyera. Boma lotere mukufuna kulipatsanso pobisalira pena?

Abale athu a ku Joni, inu makamaka, nkhani ya Christiaan Prinsloo mukuidziwa. Anali mkulu wa apolisi ku South Africa, wopatsidwa ntchito yoyang'anira mfuti zoyenera kuphwanyidwa. M'malo moziphwanya anagulitsa pafupifupi 2,000, ndipo zambiri zinakathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Town, kumene zinakhudzidwa ndi imfa za anthu oposa 1,000. Mu 2016 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 18. Dziko limenelo limalola munthu wachiphaso kusunga mfuti ndi zipolopolo zofika 200 pa mfuti iliyonse, koma ndani wa inu anagonapo tulo tabwino ku Hillbrow chifukwa cha lamulo limenelo? Chimene chinapha ana a ku Cape Town sikusowa kwa mfuti m'nyumba za makolo awo, koma nkhokwe ya boma imene inkadontha popanda woiyang'ana.

Onaninso ku Brazil. Kumeneko lamulo la mu 2003 linalamula kuti zipolopolo zogulitsidwa kwa apolisi zizikhala ndi nambala yodindidwa pa chigoba, yosonyeza gulu limene zinapangidwira ndi amene anazigula. Pa 14 March 2018 khansala wa mu Rio de Janeiro, mayi Marielle Franco, amene ankadzudzula nkhanza za apolisi, anaomberedwa m'galimoto pamodzi ndi dalaivala wake. Zigoba zimene zinatoledwa pamalopo zinasonyeza kuti zipolopolozo zinagulitsidwa kwa apolisi a boma mu 2006. Nambala yokhayo sinagwire munthu, chifukwa gululo linali la zipolopolo pafupifupi 2 miliyoni zogawidwa malo ambiri, koma inatseka pakamwa onse amene akanati izi ndi za achifwamba wamba. Amuna awiri amene anapezeka olakwa pa kuombera kumeneku mu 2024 anali apolisi akale. Phunziro lake ndi lakuti nambala izidindidwa, ndipo magulu ake azikhala aang'ono, kuti chigoba chizitha kuloza polisi imodzi, osati dziko lonse.

Chodabwitsa n'chakuti ife tinalonjeza kale za mtundu umenewu, ndipo tinalonjezera pakhomo pathu. Pangano la maiko a SADC loyang'anira mfuti ndi zipolopolo linasainidwa mu Blantyre pa 14 August 2001. Limakamba za kuika zizindikiro pa mfuti, kusunga kaundula, ndi kusamala zida za boma. Atsogoleri anajambulitsa, anadya, anakwera ndege. Lamulo la apolisi la mu 2010 linakhazikitsa ofesi yoima payokha yolandira madandaulo a anthu okhudza apolisi, koma panapita zaka pafupifupi 10 isanayambe ntchito. Umu ndi mmene timachitira: kusaina msanga, kuchita mochedwa. Tsono m'malo moti tikakamize boma kuti likwaniritse zimene linasaina, tizikangana zoti tigawane zipolopolo?

Chimene ine ndikufuna kwa aphungu athu, kuyambira a kuno ku Neno, n'chosavuta kumva. Chipolopolo chilichonse chogulidwa ndi msonkho wathu chikhale ndi nambala pa chigoba. Wapolisi potuluka asainire zimene watenga, pobwera asainire zimene wabweza, ndipo chimene chasowa alembe kumene chapita. Chaka chilichonse mkulu wa apolisi akaonekere pamaso pa komiti ya aphungu yoona za chitetezo n'kunena kuti tinagula zakuti, tinaphunzitsira zakuti, tinaombera zakuti, zatsala zakuti, ndipo manambala amenewo asindikizidwe m'nyuzipepala kuti tonse tiwerenge. Munthu akafa ndi chipolopolo, chigoba chisapite kwa anzake a woomberayo, chipite ku ofesi ya madandaulo ija. Ndipo ndalama zakunja zimene mabwana akufuna kuitanitsira zipolopolo za m'nyumba zawo zigule mafuta ndi njinga zamoto za apolisi a m'madera ngati Midzemba, Chifunga ndi Lisungwi, kuti tikaitana usiku kubwere munthu amene tikumudziwa dzina ndi nambala yake ya pachifuwa.