Tisanaponye dayisi, tifunse kaye: chilombochi chalakwa chiyani?

Aliyense amene amadutsa ku City Market masana amawadziwa anyamata ndi madala omwe amakhala pamabenchi chakumbali, akukankhana drafuti pabolodi la katoni, zitsekerero za mabotolo zili m'malo mwa asilikali. Pamenepo palibe amene amafunsa ngati chitsekerero cha mnzake chili ndi mtima wabwino kapena woipa. Ukapeza mpata umadya, basi. Koma ife tili ndi masewera ena amene timachita Lamlungu masana ku Kabwata, pakhonde la mnzathu, ndipo kumeneko funso loterolo latikanganitsa mwezi wathunthu.

Masewerawo ndi Dungeons & Dragons. Anayamba ku America mu 1974, owayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Safuna kompyuta. Mmodzi amakhala wosimba nthano, otsalawo aliyense amatenga munthu wake, kaya wankhondo, kaya wakuba, kaya wamatsenga, n'kulemba mphamvu zake papepala. Wosimba amanena zomwe mukuona, inu mumanena zomwe mufuna kuchita, ndipo dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula ngati zatheka. Dayisi imeneyo tinaisaka mu City Market mpaka miyendo kuwawa, tinangopeza za ludo, ndiye timaiponya pafoni. Kunena zoona, ndi nthano za pamoto zija za kwa ambuya, kungoti omvera sangoyankha kuti "tili tonse", amalowa m'nkhanimo n'kuisokoneza.

Tsiku limenelo nthano inali yoti mfumu ya mudzi wina yatituma kukachotsa ma orc m'phanga. Orc ndi chimunthu chadzitho, cha khungu lotuwa, mano otuluka ngati a njiri. Tinalowa, tinamenya, tinapambana. Kenaka wosimba anatsitsa mawu n'kunena kuti kuseri kwa mtondo kwabisala tiana titatu, tikunjenjemera.

Mnzathu wa ku Chelstone, yemwe amasewera ngati msilikali woteteza chilungamo, sanachedwe. "Timalize. Buku likamba kuti ma orc ndi oipa. Tikakula tiana iti tidzabwera kudzatentha mudzi." Mlongo wathu wa ku Woodlands anangoika pensulo pansi. "Ine ayi. Ngati ndi tero, sewerani mwekha." Dayisi sinaponyedwenso tsikulo.

Tiyambe ndi kumuchitira chilungamo wa ku Chelstone: sananame. Masewerawa ali ndi dongosolo loika cholengedwa chilichonse m'gulu lake, chabwino kapena choipa, chomvera lamulo kapena chosokoneza. M'buku la zilombo la 2014, Monster Manual, patsamba la orc panalembedwa kuti ndi woipa komanso wosokoneza. Osati orc wakutiwakuti amene anapha munthu, koma mtundu wonse. Buku la 2016, Volo's Guide to Monsters, linalola munthu kusewera ngati orc, koma linamuchotseratu mapointi 2 a nzeru asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndipo nkhani ya tiana si yachilendo: nthano yotchuka ya 1979, The Keep on the Borderlands, inaika akazi ndi ana m'mapanga a zilombo, ndipo osewera akhala akukangana kuyambira nthawi imeneyo kuti achite nawo chiyani.

Palinso ma drow, anthu a khungu lakuda okhala pansi pa nthaka, omwe mabuku akale ankati ndi ankhanza mtundu wonse. Mu 1988 mlembi R.A. Salvatore anabweretsa Drizzt Do'Urden, drow mmodzi wamtima wabwino, ndipo anthu anamukonda kwambiri. Koma taganizirani kuyamikira kwake. N'chimodzimodzi ndi munthu amene akuuza kuti, "Iwe ndiwe wabwino, suli ngati anthu a kwanu." Ambiri a ife tinauzidwapo mawu amenewo, ndipo timadziwa kukoma kwake kumathera pati.

Zinthu zinayamba kusintha poyera mu June 2020, patangopita masabata ochepa George Floyd ataphedwa ku Minneapolis. Kampani ya Wizards of the Coast, mwini wa masewerawa, inavomereza kuti momwe ma orc ndi ma drow ankafotokozedwera zimafanana ndi momwe mitundu ina ya anthu enieni yakhala ikunyozedwera, ndipo inalonjeza kuti adzakhala ndi abwino ndi oipa awo ngati wina aliyense. Chaka chomwecho buku la Tasha's Cauldron of Everything linalola wosewera kuika mapointi ake pomwe afuna, osatsata mtundu. M'buku latsopano la osewera la 2024 orc ali m'gulu la anthu omwe ungasankhe poyamba pomwe, ndipo mu Monster Manual ya 2025 alibenso tsamba lake ngati chilombo.

Sitikuti kampaniyi yasanduka mngelo. Ndi ya Hasbro, ndipo Hasbro imawerenga ndalama. Mu 2022, italonjeza kale zonsezi, inatulutsanso nkhani ya ma Hadozee, anthu onga anyani omwe wamatsenga wina anawagwira kuti awagulitse ngati akapolo, mpaka inachita kupepesa anthu atakwiya. Ndiye amene akuti "awa angoona komwe mphepo ikupita" ali ndi mfundo. Komabe wogulitsa salaula akakupatsa jekete yabwino chifukwa akufuna ndalama yako, jeketeyo sisiya kukhala yabwino.

Chomwe sitigwirizana nacho ndi mawu omwe timamva kawirikawiri oti izi ndi nkhani za azungu, kuno sizitikhudza. Zitikhudza kuposa iwo, ndipo sitifunika kupita kutali.

Mu April 2016 muno mu Lusaka munapezeka mitembo yochotsedwa ziwalo, makamaka chakumbali ya George ndi Matero. Mphekesera inayenda yoti ochita izi ndi anthu a ku Rwanda omwe ali ndi mashopu m'makomboni. Mashopu oposa 60 anaphwanyidwa n'kuberedwa, mabanja anathawira kutchalitchi cha St Ignatius, ndipo ku Kanyama, kuseri kwa Soweto komweku, anthu awiri anatenthedwa amoyo. Boma linadzanena kuti awiriwo anali a Zambia anzathu. Kumayambiriro kwa 2020 kunabwera nkhani ya anthu opopera gasi m'nyumba, yomwe inayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Anthu pafupifupi 50 anafa m'manja mwa magulu okwiya, ena chifukwa chongokhala achilendo m'dera. Ku Malawi mu 2017 kunali anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo nthawi ya atsamunda agogo athu ankaopa banyama, omwe ankati amagwira anthu kuti awachotse magazi. Dzina limasintha, kachitidwe n'komweko. Munthu amayamba wapatsidwa dzina la chilombo, ndipo dzinalo likamumatira palibenso amene amafunsa chomwe wachita.

Ngakhale pamsika pomwe timadziwa momwe zimakhalira wina akakuwa kuti "Kawalala!" Amene amafika mochedwa ndiye amamenya kwambiri, koma sanaone chilichonse. Masiku ano mnyamata aliyense wa tsitsi losapesa woima pakona ndi "janki". Ena mwa iwo amaberadi anthu, ndipo amene analandidwapo foni pa Lumumba Road sitingamuuze kuti amwetulire. Koma tikawatchula onse ndi dzina limodzi, ndiye kuti tatsegula buku la zilombo n'kuwerenga tsamba lawo, m'malo mofunsa kuti uyu ndani.

Apa tisamvane molakwika. Sitikunena kuti amene wapha orc papepala mawa adzatola mwala ku Kanyama. Bodza limenelo linanenedwa kale. M'zaka za m'ma 1980 ku America kunali mantha oti masewerawa ndi a Satana. Mayi wina, Patricia Pulling, anayambitsa bungwe lolimbana nawo mu 1983, ndipo mu 1989 eni ake anafika pochotsa mawu oti ziwanda ndi adyerekezi m'mabuku, n'kuzipatsa maina ena. Ifenso, m'dziko lomwe Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991, tinafunsidwapo ndi anakubala kuti mapepala a zinjoka awa ndi a mpingo uti. Pawailesi pomwe timathandizira, woimba foni wina anatichenjeza kuti tisiye tisanayambe kuuluka usiku. Tinaseka, komabe taonani: nafenso tinaikidwa patsamba la zilombo popanda wofunsa.

Zomwe tikunena ndi zazing'ono kuposa pamenepo. Maola atatu aliwonse Lamlungu timayeserera kupanga zosankha. Chizolowezi choweruza gulu lonse tili nacho kale, timachiyamwa m'minibasi, m'magulu a WhatsApp, ndiponso nthawi ya masankho pomwe dzina la munthu limakwanira kuuza anthu kuti ndi mdani. Nanga n'chifukwa chiyani tizichiyesereranso patebulo, pomwe ndi malo okhawo omwe tingayese njira ina popanda kutaya magazi?

Tsopano, kodi tichotse zilombo zonse, aliyense akhale wabwino wosamvetsetseka chabe? Ayi ndithu. Nthano yopanda choopsa ndi ndiwo zopanda mchere, ndiponso ndi bodza, pakuti kuipa kulipo. Amene anadula ziwalo za anthu mu 2016 analipo, kungoti sanali mtundu.

Pamenepa makolo athu anaona patali kuposa a ku Wisconsin. Amene anapitako ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa August, anaona zilombo za Gule Wamkulu, womwe UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Za ku dambwe sitilowako, si zathu kukamba. Tikamba zomwe aliyense amaona pabwalo. Zilombo zija zimaopsa, ana amathawa, koma zambiri zimavina khalidwe lathu lomwe: chidakwa, wachiwerewere, waumbombo, wodzikuza, ngakhale mzungu wa nkhope yofiira, Simoni. Sizikuuza kuti anthu a kutsidya kwa mtsinje anabadwa oipa. Zikuuza kuti ukapitiriza momwe ukuchitiramo, uyu ndiwe. Amishonale ambiri oyamba sanamve zimenezi, anangoti ndi za mdyerekezi, ndipo anachita ndi gule chomwe buku la 2014 linachita ndi orc.

Nthano za Kalulu nazonso sizophweka monga timazikumbukira. Kalulu amene timamuombera m'manja ndi wabodza, waulesi, wakuba madzi pachitsime chomwe anakana kukumba. Fisi amagwa chifukwa cha dyera lake la tsikulo. Mwana womvera amayenera kudziweruzira yekha, ndipo nthawi zina ambuya ankasiya dala funso lili lendelende.

Wa ku Chelstone anatiuza chinthu china chomwe sitinathe kuchitsutsa. Anati sabata yonse amayenda ndi envulopu ya makalata ofunsira ntchito, kunyumba malaiti kulibe, aliyense amene amakumana naye ndi wabwino pang'ono woipa pang'ono, ndiye Lamlungu amafuna maola atatu omwe choipa chili poyera ndipo iye angachimenye osapepesa. Zimenezo timazimva. Mumpatse mafupa oyenda okha, mumpatse ziwanda zomwe ndi kuipa kwenikweniko kovala thupi, mumpatse orc wogulitsa akapolo amene tamuona ndi maso akutentha nkhokwe. Amenye mpaka dayisi itope. Koma cholengedwa chomwe chimabala, kuyamwitsa, kusinja mumtondo ndi kulira maliro a anzake, chimenecho ndi munthu ngakhale mano atuluke bwanji, ndipo wofuna kuchipha ayambe wanena mlandu wake.

Lamlungu lotsatira tinabwerera kuphanga lija. Wosimba wathu, yemwe ndi wochenjera kuposa momwe amaonekera, sanagamule mkangano. Anangotilola kufufuza, ndipo m'thumba la orc wamkulu yemwe tinamupha tinapeza chikopa cholembedwa malire akale. Mfumu yomwe inatituma inali itagulitsa dambo la ma orc kwa anthu okumba miyala, kawiri konse, kwa ogula awiri osiyana. Pakhonde panakhala zii, kenaka wina anati, "Iyi ndiye nkhani ya mapuloti ya mu Lusaka muno," ndipo tonse tinafa nacho chiseko.

Wa ku Chelstone sanavomere kuti analakwa, ndipo sitinamukakamize. Akuti buku lake ndi la 2014 ndipo sanagule lina. Koma msilikali wake ndi amene wabereka kamwana kamodzi kumbuyo, akung'ung'udza njira yonse. Atayesa kukadyetsa phala anaponya dayisi n'kupeza 3, kamwanako kanamuluma chala. Sabata ino tikupita kwa mfumu ija, ndipo sitinagwirizanebe ngati tilowe pachipata kapena tidumphe mpanda.